Manda a akuluakulu achi Celt: France ndi Germany akuwasamala mosiyana

Pafupifupi zaka 2,500 zapitazo, anthu a mtundu wa Celt ankaika akuluakulu awo m'chipinda chamatabwa, ndi ngolo ya mawilo anayi ndi ziwiya zomwera, kenako n'kuunjika chitunda pamwamba. Malire a France ndi Germany kunalibe. Lero alipo, ndipo mayiko awiriwa sachita nawo mofanana mandawa.

Ku Vix, m'chigawo cha Burgundy ku France, mu Januwale 1953 wofukula zakale René Joffroy ndi anzake anapeza manda a mayi wovala mkanda wagolide wa magalamu 480. Pambali pake panali mtsuko wamkuwa wochokera kwa Agiriki, wotalika mita 1.64, wolowa malita 1,100. Koma anafukula mothamanga, m'nyengo yozizira, m'matope, moti mu 2019 bungwe la ku France lofukula zakale la Inrap linachita kubwererako, n'kukatola tizidutswa ta mtsuko womwewo timene tinatsala.

Ku Hochdorf, pafupi ndi Stuttgart ku Germany, wofukula zakale Jörg Biel anagwira ntchito modekha mu 1978 ndi 1979. Bambo wa zaka ngati 40 anamupeza atagona pa mpando wautali wamkuwa, nsapato zake zokutidwa ndi golide, nyanga zomwera 9 zili pakhoma, nkhali ya malita 500 ili ndi zotsalira za mowa wa uchi. Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti ngakhale nsalu, chipewa cha khungwa la mtengo ndi mbedza zophera nsomba zinapulumuka. Zoterezi wofukula mofulumira amaziponda osadziwa, pomwe ndi zimene zimatiuza mmene munthuyo ankakhalira. Apa Ajeremani anapambana, ngakhale tivomereze kuti anali ndi zaka 25 za luso loonjezera.

Pa kasungidwe ndiye ndili kumbali ya Afalansa. Ajeremani anamanganso chitunda cha Hochdorf, n'kukonza chipinda chofanizira m'nyumba yosungiramo zakale ya pamudzipo, koma zinthu zenizeni zili m'nyumba yosungiramo zakale ya Landesmuseum Württemberg mumzinda wa Stuttgart. Anthu a pamudzi anatsala ndi zongofanizira. Mtsuko wa ku Vix suli ku Paris. Uli ku Châtillon-sur-Seine, katauni kakang'ono koyandikana ndi kumene mayiyu anagona, ndipo wofuna kuuona amayenera kupita komweko.

Ajeremani nawonso anadzachita chimodzimodzi ndi Afalansa ku Glauberg, m'chigawo cha Hesse: chiboliboli chamwala cha mkulu wachi Celt chomwe anapeza mu 1996 chikuonetsedwa paphiri pomwepo, m'nyumba imene anatsegula mu 2011, moyang'anizana ndi chitunda chake.