Musamuimbe mlandu wakufayo

Mwalemba kuti ophunzira a ku yunivesite ndi akuluakulu, choncho amene wamwa mowa mpaka kukomoka wadzichititsa yekha. Pepani, ine sindikuvomereza.

Kumbukirani Timothy Piazza wa pa yunivesite ya Penn State ku America. Mu February 2017, ali ndi zaka 19, ankafuna kulowa m'gulu la anyamata la Beta Theta Pi. Usiku wolandira atsopano anamumwetsa mowa maulendo 18 pasanathe ola limodzi ndi theka. Anagwa pa masitepe n'kuvulala kwambiri m'mutu. Anzakewo anangomugoneka pa sofa, ndipo panadutsa maola pafupifupi 12 asanaitane ambulansi. Makamera a m'nyumbamo anajambula zambiri mwa izi. Anamwalira pa 4 February.

Mwana wofunitsitsa kulandiridwa, atazunguliridwa ndi anzake omukuwiza, angakane bwanji botolo? Koma chimene chimandiswa mtima ndi maola 12 aja. Munthu ali gone akubuula, iwo akuganiza zoteteza dzina la gulu lawo. Monga kholo, sinditha kuzimvetsa.

Mu 2018 boma la Pennsylvania, dera limene kuli yunivesiteyi, linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake. Wozunza mnzake motere mpaka kumuvulaza kwambiri kapena kumupha atha kumangidwa zaka 7, nyumba ya gulu itha kulandidwa, ndipo woitana thandizo msanga amatetezedwa ku milandu ina. Nanga akuluakulu a sukulu amene amadziwa za maphwandowa n'kukhala chete, iwo ayankha liti?