Chenjezo kwa Opalasa Njinga ndi Owachemerera: Kusagwidwa Si Kusalakwa

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho inu achinyamata amene mumapalasa njinga m'mipikisano ikuluikulu, inu eni matimu, ndi inunso amene mumachemerera muli pa wailesi ya kanema, tcherani khutu. Pali mawu amene ndatopa kuwamva nthawi iliyonse katswiri wa njinga akamakayikiridwa kuti akugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa: "Anamuyeza koma sanamupeze ndi kanthu." Mawu amenewa mumawanena mosaganiza, ngati kuti labotale imaona zonse za m'thupi la munthu, chonsecho mbiri ya masewerawa inatsutsa kale maganizo amenewa.

Lance Armstrong wa ku America anapambana Tour de France, mpikisano wotchuka kwambiri wa njinga, maulendo 7 motsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005, ndipo zaka zonsezo ankadziteteza ndi mawu omwewa, kuti wayezedwa kambirimbiri koma palibe chimene chapezeka. Mu 2012 analandidwa zipambano zonsezo, ndipo mu Januwale 2013 anavomera yekha pa pulogalamu ya kanema ya Oprah Winfrey kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala a EPO ndi testosterone ndiponso kudzithira magazi. Chimene chinamugwetsa chinali umboni wa anzake 11 amene anapalasa naye m'timu imodzi, amene anafotokozera USADA, bungwe la ku America lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, zimene anaona ndi maso awo.

Mvetsetsani mmene chinyengochi chinkayendera, chifukwa apa ndi pamene ambiri mumapusitsika. EPO amachulukitsa maselo ofiira a magazi, amene amanyamula okosijeni kupita ku minofu, moti munthu amakwera phiri osatopa msanga. Kwa zaka pafupifupi khumi mankhwalawa anali ponseponse m'matimu koma njira yowapezera m'thupi kunalibe, mpaka inayamba kugwiritsidwa ntchito pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000. Posowa chochita, mu 1997 UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, linalamula kuti wopalasa amene maselo ofiira apitirira 50 peresenti ya magazi ake apume milungu iwiri. Lamuloli linali loteteza moyo, koma anthu osasamala analisandutsa muyezo woti azifikapo: ankadziyeza okha ndi timakina tating'ono m'zipinda za hotelo, ndipo akamva kuti oyeza afika ankadzithira madzi a mchere m'mitsempha kuti magazi asungunuke. Njira yopezera EPO itabwera, madokotala onga Michele Ferrari anaphunzitsa opalasa kudzibaya EPO wochepa kwambiri mu mtsempha madzulo, kuti pofika m'mawa mkodzo usasonyeze kanthu. Ena anabwerera ku njira yakale yochotsa magazi awo, kuwasunga mufiriji, n'kudzawabwezera m'thupi mpikisano uli mkati. Kodi woyeza angapeze bwanji chachilendo m'magazi amene ndi a mwini wake yemweyo?

Taonani amene akhala akuvundukula milandu yaikulu. Mu Julaye 1998 anali apolisi a kasitomu amene anaimitsa galimoto ya Willy Voet, wosamalira opalasa a timu ya Festina, pa malire a Belgium ndi France, n'kuipeza yodzaza mankhwala, ndipo manyazi a chaka chimenecho ndi amene anachititsa kuti WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, likhazikitsidwe mu 1999. Mu 2006 anali apolisi a ku Spain amene anapeza matumba a magazi pafupifupi 200 kwa dokotala Eufemiano Fuentes ku Madrid. Mu 2019 analinso apolisi, a ku Germany ndi Austria, amene anatulukira gulu la dokotala Mark Schmidt wa ku Erfurt.

Sindikunena kuti kuyeza n'kopanda ntchito. Kuyambira 2008 UCI imasunga mbiri ya magazi a wopalasa aliyense kwa nthawi yaitali kuti kusintha kwachilendo kuzioneka, ndipo opalasa apamwamba amayenera kunena kumene adzapezeke kwa ola limodzi tsiku lililonse. Zimenezi zinachepetsa chinyengo chopanda manyazi cha kale. Komabe nkhani ya mu 2019 ija inachitika mbiri ya magaziyo ilipo kale kwa zaka zoposa khumi, zimene zikusonyeza kuti wodziwa kuchita zinthu pang'onopang'ono akhoza kudutsabe.

Inu eni matimu ndi inu ochemerera, mlandu wanu si waung'ono. Mumafuna zipambano koma simufunsa kuti mphamvuzo zachokera kuti, ndipo wina akalankhula zoona mumamuona ngati mdani. Christophe Bassons, wopalasa wa ku France amene anakana mankhwala ali ku Festina, analankhula poyera pa Tour de France ya 1999 kuti zinthu sizinasinthe. Anzake anamusala, Armstrong anamuuza kuti ngati sakukondwa achoke, ndipo mnyamatayo anasiyadi mpikisano uli pakati. Anthu anapitiriza kuombera m'manja wonama kwa zaka zina 13, pamene wonena zoona anatsala yekha. Khalidwe limeneli n'lochititsa manyazi, ndipo limaphunzitsa mwana aliyense wolowa m'timu kuti chitetezo chake ndi kukhala chete.

Koma mtima wanga uli makamaka pa inu achinyamata, chifukwa thupi limene likuseweretsedwa ndi lanu. Magazi ochulukitsidwa amalimba ngati phala, mtima n'kumavutika kuwapopa, ndipo akhoza kuundana n'kutseka mtsempha. Tom Simpson wa ku Britain anagwa n'kumwalira pa phiri la Mont Ventoux pa 13 Julaye 1967, ali ndi zaka 29 zokha, ndipo m'thupi mwake munapezeka mankhwala a amphetamine ndi mowa. Riccardo Riccò wa ku Italy, amene anagwidwa kale pa Tour de France ya 2008, sanamve. Mu Febuluwale 2011 anathamangira naye kuchipatala impso zikulephera kugwira ntchito, ndipo dokotala amene anamulandira anafotokoza kuti wodwalayo anaulula kuti anadzithira magazi amene ankawasunga mufiriji kunyumba. Anapulumuka, koma analetsedwa kupalasa kwa zaka 12.

Choncho munthu wina aliyense, kaya ndi dokotala wa timu kaya mphunzitsi wanu, akakubweretserani jakisoni kapena mapiritsi n'kunena kuti "awa sapezeka", funsani dzina la mankhwalawo, muyang'ane pa mndandanda wa WADA wa mankhwala oletsedwa, ndipo akazengereza kuyankha kanani ndi kukanena ku bungwe loyeza. Malamulo amati chilichonse chopezeka m'thupi mwanu ndi mlandu wanu, ngakhale wakupatsani ndi wina, ndipo wochita dala amaletsedwa zaka 4. Musaiwalenso kuti mkodzo ndi magazi zimene mwapereka lero zikhoza kusungidwa zaka 10 n'kudzayezedwanso ndi njira zatsopano, inu mutapuma kale pa njinga.