DSL kapena cable? Kuno ku Harare yang'anani kaye mumsewu mwanu

Abale anga okhala ku Harare kuno, funso lachuluka m'magulu athu a WhatsApp ndi lakuti: tikoke intaneti iti pakhomo, DSL kapena cable? Kawirikawiri wofunsayo amakhala atalangizidwa kale ndi mwana wake kapena mlamu wake wa ku UK kapena ku America, womuuza motsimikiza kuti cable ndiye mtunda, DSL ndi zachikale. Sakunama ayi, kumene aliko n'zoonadi. Koma malangizo amenewo akafika ku Mufakose, ku Glen View kapena ku Dzivarasekwa amasowa pogwira, ndipo ndikuona anthu akutaya madola awo chifukwa chomvera munthu amene sakudziwa chimene chili pansi pa msewu wawo.

Cable imene akunenayo ndi chingwe chonenepa chija chimene chinayalidwa m'mizinda ya kunjako kuti chizibweretsa TV m'nyumba. Chingwecho chinalipo kale khomo ndi khomo, ndiye makampani monga Comcast ku America ndi Virgin Media ku UK anangodutsitsamo intaneti. Ife kuno TV yathu inabwera pa eriyo, kenako pa dishi ya DStv pamwamba pa denga. Chingwe cha TV cholowa nyumba ndi nyumba sichinayalidwe m'makomboni athu. Choncho munthu wa ku Harare akati "ndakoka cable", mukapita kukaona mupeza kuti ndi fibre, ndipo fibre ndi chinthu china, kaulusi kagalasi kodutsamo kuwala, osati waya wachitsulo.

DSL ndiye tikuidziwa bwino. Imayenda pa waya wa mkuwa wa telefoni ya m'nyumba, ija inkaikidwa nthawi ya PTC kampaniyo isanagawidwe kukhala TelOne, NetOne ndi Zimpost. Nyumba zambiri zakale ku Highfield kapena ku Mabelreign kasoketi kake kakadalipo pakhoma, mwina kuseri kwa kabati, kopakidwa penti kangapo. Mtundu wofala ndi ADSL, ndipo ADSL2+ ikafika pamapeto penipeni imakoka 24 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti). Koma nambala imeneyo ndi ya munthu amene nyumba yake yagundana ndi exchange, malo a kampani ya telefoni kumene mawaya a deralo amakakumana. Mphamvu yake imachepa waya akamatalika. Wokhala pa kilomita imodzi amasangalala, wokhala pa makilomita asanu amangolandira zotsalira, ngakhale onse awiri akulipira mtengo umodzi. Ndipo mtunda wake si umene mumayenda pa kombi ayi, ndi wa wayayo, amene amakhotakhota pansi ndi m'mapolo asanafike panu.

Ichi n'chifukwa chake sindigwirizana ndi onse amene amanyoza ADSL chisawawa, komanso sindigwirizana ndi amene amaiyamikira chisawawa. Anthu awiri a mpingo umodzi atha kukangana mpaka dzuwa kulowa, wina akuti imathamanga, wina akuti ndi kamba, onse akunena zoona. Kusiyana kwake ndi malo.

Pali kayesedwe kosafuna ndalama. Ngati m'nyumbamo muli laini, lumikizani telefoni yakale ija, nyamulani chomvera, mvetserani. Mukamva phokoso la "tsetsetse" kapena kuthetheka, dziwani kuti intaneti yanu izidukaduka, chifukwa phokoso lomwelo ndi limene limasokoneza rauta. Muone kanyale kolembedwa DSL: kakayaka chokhazikika zili bwino, kakamaphethira ndiye kuti rauta ikufunafuna exchange osaipeza. Nyengo ya dzinja, kuyambira mu Novembala, madzi amalowa m'malumikizidwe a mawaya, ndipo mphezi imatha kutsata mkuwawo mpaka kuwotcha rauta. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani waya wa telefoni, osati wa magetsi wokha. Ndiye pali akuba mkuwa, amene avutitsa mzinda uno kwa zaka. Akadula chingwe usiku, msewu wonse umakhala chete, ndipo palibe chimene mwini nyumba angachite koma kudikira. Fibre ilibe mkuwa woti munthu akagulitse, ngakhale ena osadziwa amaidulabe, komanso okumba ngalande za madzi amaiphwanya ndi piki.

Tsono chimene ndikufuna kutsindika kwambiri, chimene otsatsa malonda sakonda kuchilemba m'zilembo zazikulu, ndi liwiro lotumizira. Chilembo A mu ADSL chimasonyeza kuti mbali ziwirizi n'zosalingana: kulandira kumathamanga, kutumiza kumakhala cha m'ma 1 Mbps basi. Kwa munthu wongoonera mafilimu zilibe kanthu. Koma ife tikufuna intaneti kuti titani? Kuti agogo a ku Dedza kapena ku Mangochi aone nkhope za zidzukulu zimene sanazinyamulepo. Kuti pakagwa zovuta, achibale a ku Johannesburg ndi ku Lilongwe atsatire mwambo wa maliro pa vidiyo. Kuti mayi wosoka zovala akweze zithunzi za katundu wake pa Facebook. Zonsezi ndi kutumiza. Foni imodzi m'nyumba ikangoyamba kusunga zithunzi zake ku Google, kanjira kotumizira kaja kadzadza, ndipo agogo kumudziko aona nkhope yanu itauma pakamwa pali yasa. Inu muziti netiweki ya ku Malawi ndi yovuta, pamene vuto lili pabalaza panu pomwe. Cable ya kunja ija nayonso ili ndi chilema chomwechi, imatumiza mochepa kuyerekeza ndi mmene imalandirira. Apa fibre imaposa zonse ziwiri kutalitali, ndipo kutalika kwa msewu sikuifooketsa ngati mkuwa.

Ndiye maganizo anga ndi awa, osazungulira: ngati fibre yafika mumsewu mwanu, kaya ndi ya Liquid Home, imene ambiri tikuitchulabe ZOL, kaya ndi ya TelOne, ndipo thumba likulola, tengani imeneyo. Vuto ndi lakuti sinafike paliponse. Inayambira kumene kuli ndalama, ku Borrowdale, ku Avondale, ku Mount Pleasant, ndipo ngakhale yalowa m'makomboni ena, pali misewu yambiri imene sinaionebe. Zimandipweteka, chifukwa mwana wa ku Epworth wokonzekera mayeso a ZIMSEC akufunika intaneti mofanana ndi mwana wa ku Highlands, mwinanso kuposa, poti kunyumba kwake kulibe mabuku ambiri.

Kumene kulibe waya, anthu akudalira LTE, intaneti ya netiweki ya mafoni a m'manja yodzera pa karauta kolowetsa SIM kaja. N'kosavuta, mumagula lero n'kuyamba lero, ndipo kwa ife okhala nyumba za lendi, posamuka mumangokaika m'chikwama. Koma chenjezo limene achibale akunja amapereka pa cable, loti madzulo imachedwa chifukwa anthu a dera limodzi amagawana chingwe chimodzi, kuno ligwiritseni pa LTE. Nsanja imodzi imatumikira nyumba zambirimbiri. Zili ngati mjigo wa pakomboni: masana mutunga mosavuta, koma madzulo aliyense akabwera ndi chigubu chake mudikira. Pa mfundo imeneyi ADSL ili ndi ubwino wake, poti waya wochoka panu kukafika ku exchange ndi wanu nokha.

Starlink, intaneti yochokera ku satelayiti, ndingoikhudza pang'ono. Inayamba kugwira ntchito mwalamulo mu Zimbabwe mu Seputembala 2024, Malawi atayamba kale mu 2023, ndipo malo a mu Harare anadzadza mofulumira moti ambiri anaikidwa pamzere wodikira. Ndi yabwino kwa wokhala kumapuloti kapena kufamu, kapena mabanja angapo osonkherana. Koma dishi yake imadya magetsi ochuluka kuposa rauta wamba, ndipo imafuna kumwamba kopanda mitengo yotchinga.

Nkhani ya magetsi musaiiwale, chifukwa intaneti yothamanga bwanji imafa ZESA ikapita. Telefoni yakale ija inkalira ngakhale mumdima poti mphamvu yake inkachokera ku exchange, koma rauta ya ADSL ndi kabokosi ka fibre zimafuna magetsi a m'nyumba mwanu. Mwayi wake ndi woti sizidya kwambiri, zambiri zimayendera 12V. Kabatire kakang'ono kotchedwa mini UPS, kamene kamapezeka m'mashopu a m'tauni, kamatha kusunga rauta kwa maola angapo. Ndinaona banja lina ku Kambuzuma, usiku magetsi atazima, m'nyumba monse muli mdima koma tinyale tobiriwira ta rauta tikuyaka pamwamba pa kabati, mtsikana wa Form 4 ali pampando akutsatira phunziro la masamu pa foni. Ndalama ya kabatire kameneko iwerengereni limodzi ndi mtengo wokokera, isakhale yoganizira pambuyo. Okoka fibre akumbuke kuti nyumba zina zimakhala ndi mabokosi awiri, ndipo onse afunika mphamvu.

Pa nambala zolembedwa pa zotsatsa, musachite nazo mantha komanso zisakukopeni. Netflix yeniyeniyo imanena kuti 5 Mbps ikukwana kuonera filimu yooneka bwino ya 1080p. Banja la anthu asanu silifunika 100 Mbps. Pa 10 Mbps yokhazikika, fayilo ya 1GB imatsika m'mphindi pafupifupi 14, ndipo zimenezo n'zokwanira m'makomo ambiri. Chofunika kufunsa ndi mawu aja oti "unlimited". Mapaketi ambiri otere ali ndi malire obisika otchedwa fair usage: mukafika pamlingo wina wa deta, sakudulani, koma amachepetsa liwiro mpaka mwezi uthe. Funsani kuti malirewo ali pa ma GB angati, ndipo mukawadutsa liwiro limatsikira pati. Funsaninso ngati mukulipira mu madola a ku America kapena mu ZiG, ndi kuti mtengo umasintha motani. Wogulitsa akamazemba mafunso amenewa, nyamukani. Ndipo dziwani kuti pali POTRAZ, bungwe loyang'anira makampani onsewa, kumene mungakadandaule ngati kampani yakana kukumvani.

Koma umboni woposa onse uli kwa aneba. Gogodani pa nyumba ziwiri kapena zitatu za mumsewu mwanu zimene zili ndi makampani osiyana. Pitani cha m'ma 8 koloko madzulo, osati m'mawa, mupemphe kulumikiza foni yanu, muimbe vidiyo kumudzi, mutumize kavidiyo kamodzi muone kachedwedwe kake. Kenako afunseni funso ili: "Amayi, ulendo watha itawonongeka, anatenga masiku angati kudzakonza?" Yankho limenelo silipezeka pa chikwangwani chilichonse.

Kwa anzanga a lendi, musalole kuti akumbe ngalande kapena kuboola khoma musanagwirizane ndi alandilodi. Mumvane kuti ndalama yokokera alipira ndani, akaunti ilembedwa m'dzina la ndani, ndipo tsiku losamuka rauta itsala kapena mupita nayo. Ngati mukusonkherana ndi anzanu a pa yadi imodzi, lembani papepala tsiku lopereka ndalama ndi chiwerengero cha mafoni a banja lililonse, ndipo pasiwedi izisinthidwa ndi munthu mmodzi yekha.