Ndiye mukufuna tilire bwanji?

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi ku Rosettenville mu Johannesburg, bambo wina wochokera kumudzi konko, mkulu wa mpingo, tayi ili pakhosi, anali kuuza anzake poimika magalimoto kuti amayi amene anagona pansi atavala zakuda pa 21 November 2025 potsutsa nkhanza kwa amayi anachita zamanyazi. Akuti mzimayi waulemu wake sagona pansi pagulu ngati chidakwa. Akuti dandaulo lawo likumveka, koma njira yake. Njira! Mpaka lero mtima wanga sunatsike.

Bambo, zinali mphindi 15 basi. Sanaswe galasi la munthu, sanawotche tayala, sanatukwane. A Women For Change, bungwe lomenyera ufulu wa amayi, anati valani zakuda, musagwire ntchito, musagule kanthu, ikakwana 12 koloko gonani chete kukumbukira amayi 15 amene akuphedwa tsiku lililonse m'dziko lino la South Africa. Inu chakunyansani ndi kugona kwa amoyo. Amene agona ku mochale aja simunawatchule.

Ndiye njira yabwinoyo ndi iti? Tikakuwa mumati mwano. Tikakhala chete mumati chipongwe. Mu 2016 atsikana anayi anangoima ndi mapepala kutsogolo kwa Jacob Zuma, pulezidenti wa nthawiyo, akulankhula ku Pretoria, osatsegula pakamwa, kukumbutsa za Khwezi, mayi amene anati Zuma anamugwiririra. Anawakankhira kunja, anthu nkumati alibe mwambo. Mu 2008 madalaivala atavula mtsikana pa renki ya matakisi ya Noord chifukwa cha siketi yaifupi, amayi anapita pa renki pomwepo atavala masiketi aafupi. Kumudzi mu 2012 mavenda atavula amayi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amayi anatuluka atavala mabuluku. Nthawi zonsezi kunapezeka bambo wa tayi wonena kuti nkhani ndi yoona, koma njira yake.

Palibe njira imene mungaikonde. Palibe. Chimene mukufuna ndi chakuti tilirire kuchipinda, chitseko chitatsekedwa, tikatuluka tikupatseni madzi osamba m'manja titagwada. Mwana wosalira amafera m'mbereko.

Ndipo msewu umene mumakwererapo takisi tsiku ndi tsiku, umene mumangoti Bree uja, dzina lake ndi Lilian Ngoyi. Mukudziwa anachita chiyani mayi ameneyu? Pa 9 August 1956 iye ndi Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams anatsogolera amayi pafupifupi 20,000 ku Union Buildings, maofesi a boma ku Pretoria, kukakana mapasi, ziphaso zimene boma la tsankho linkakakamiza anthu akuda kuyenda nazo. Anaima chete mphindi 30, ena ana ali kumsana. Masiku ano 9 August ndi holide, mumaotcha nyama tsiku limenelo, fanta m'manja. Mukanakhalapo nthawi imeneyo mukanati abwerere akaphike.

Nditamuyankha bambo wa tayi uja, anati mayi, kwa eni kulibe mkuwe, ife tinabwera kudzafuna ndalama, izi ndi za eni dziko. Zoona? Mbama imafunsa pasipoti? Ndi angati mwa ife tikukhala m'kachipinda kakuseri ku Turffontein, diso litatupa, osapita kupolisi chifukwa mapepala anatha ndipo mwamuna waopseza kuti akatinenera? Kaya ndi mowa, kaya ndi ulova, kaya ndi kaleredwe, zimenezo akambirane ophunzira. Ine ndikudziwa kuti tsiku lomwe amayi anagona pansi, alendo a msonkhano wa atsogoleri a mayiko wa G20 ali m'tauni, boma linavomera kuti nkhanzazi ndi tsoka la dziko lonse. Makalata aulemu akhala akulembedwa zaka zingati?

Komanso inu madamu ena musaseke. Mlamu wanga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Bwana wake wamkazi anasintha chithunzi cha pa WhatsApp kukhala chapepo, mtundu wa chionetserocho, anavala zakuda, anakagona pa kapinga ndi anzake. Mlamu wanga anamusiyira mulu wa zosita ndi ana awiri, nkumuuza kuti akamabwera apeze nkhomaliro yapsa.