Wayilesi ya pa intaneti imakhazikika ndi anthu odziwana

Abale anga oulutsa mawu pa intaneti, komanso inu omvera amene mumachezera pa gulu la WhatsApp mpaka pakati pa usiku, maganizo anga ndi awa. Wayilesi ya pa intaneti sidzaposa MBC kapena Zodiak pa kuchuluka kwa omvera, ndipo isadzivutitse n'komwe kupikisana nawo. Mphamvu yake ili pa chinthu chimene wayilesi yaikulu singathe: muulutsi amadziwa omvera ake mmodzimmodzi, dzina lake, kumene akukhala, ntchito imene amagwira ndi nyimbo imene imamukumbutsa kwawo. Anthu 40 amene amabwera Lachisanu lililonse n'kumafunsana kuti "kodi amayi a ku Leeds aja lero ali kuti?" ndi a mtengo wapatali kuposa chinamtindi chimene chimadina linki, kumvera mphindi ziwiri, basi n'kupita.

Chimene chimasonkhanitsa anthu amenewa poyamba ndi chamba cha nyimbo. Ubwenzi umabwera pambuyo. Munthu amene akufuna reggae ya ku Balaka, yofewa ija ya kiyibodi, si yemwe akufuna reggae ya ku Chileka, ngakhale onse anganene kuti amakonda reggae. Wokonda nyimbo zakale za banjo ndi gitala amafuna kumva mawu onse, ndipo ukamalankhula pamwamba pa nyimbo amakhumudwa. Wa kwaya amafuna Lamulungu m'mawa, asanapite kutchalitchi kapena atalephera kupita chifukwa cha ntchito. Wachinyamata wa ku Joni akufuna amapiano ndi nyimbo za m'tauni. Ndiye pali sungura, imene ambiri amaiiwala, chonsecho ndi imene imabweretsa abale athu a ku Zimbabwe, zidzukulu za anthu amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ena mwa akatswiri a sungura ndi ana a matchona omwewo, ndipo amaimbako m'Chichewa. Ikani ola limodzi la sungura pa sabata, lina la kalindula kuti a ku Chipata ndi Lusaka apeze powonekera, mudzaona mayina atsopano pa gulu.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi kufuna kusangalatsa aliyense mu ola limodzi. Kwaya, kenako amapiano, kenako manganje, kenako rumba. Aliyense amamva nyimbo yake imodzi n'kudikira mphindi 20 kuti amve ina, ndipo kudikirako akulipira ndi bandulo yake. Amachoka. Chamba chilichonse chipatsidwe nthawi yake yosachepera ola, makamaka maola awiri, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, sabata ndi sabata, kwa miyezi itatu musanaweruze kuti pulogalamuyo yakanika. Anthu amazolowerana chifukwa amakumana kawirikawiri pamalo amodzi, ngati amayi a pa mjigo. Mukamasuntha pulogalamu, lero 7 koloko, sabata yamawa 9 koloko, palibe amene adzadziwane ndi mnzake. Ngati mukufuna kuwolotsa omvera kuchoka pa chamba china kupita pa china, yang'anani liwiro la nyimbo. Mixxx, pulogalamu ya pa kompyuta yoseweretsera nyimbo imene ndi yaulere, imaonetsa BPM, nambala ya liwiro la nyimbo iliyonse. Reggae yambiri imayenda pakati pa 70 ndi 90, amapiano imazungulira pa 112. Kudumpha kuchoka pa 75 kufika pa 112 nthawi imodzi kumadzidzimutsa khutu. Ikani nyimbo ziwiri kapena zitatu zapakati, ndipo muuze anthu kuti tikusintha.

Pa nkhani ya nthawi, kumbukirani kuti Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa wotchi yawo ndi imodzi chaka chonse, koma ya ku Britain imasuntha. Kuyambira Lamulungu lomaliza la March mpaka Lamulungu lomaliza la October a ku Britain ali m'mbuyo ndi ola limodzi, miyezi yotsalayo ali m'mbuyo ndi maola awiri. Muulutsi wa ku Manchester akamatsatira wotchi yake, omvera a ku Lilongwe amapeza pulogalamu yasuntha ndi ola osauzidwa. Sankhani wotchi imodzi, ndipo pa chithunzi cholengezera muzilemba nthawi zonse ziwiri.

Tsopano bandulo, chifukwa apa ndi pamene oulutsa a kunja amalakwira abale akumudzi osadziwa. Muulutsi ali pa WiFi yosatha, ndiye amatumiza mawu pa 128 kbps kapena 192 kbps (kbps ndi muyeso wa data imene ikutumizidwa pa sekondi) kuti zizimveka bwino. Tiyeni tiwerenge. Pa 128 kbps womvera amawononga pafupifupi 58 MB pa ola, ndiye kuti 1 GB imatha m'maola 17. Pa 64 kbps ndi 29 MB pa ola. Pa 48 kbps ndi 22 MB yokha, ndipo 1 GB yomweyo imamufikitsa maola oposa 45. Mukagwiritsa ntchito mtundu wa failo ya mawu wotchedwa HE-AAC, umene ena amautcha AAC+, 48 kbps imamveka bwino ndithu pa foni ndi pa kasipika kakang'ono. MP3 pa 48 kbps ndiye imamveka ngati wayilesi ili m'madzi, choncho musatsitse nambala yokha, musinthenso mtundu wa failo. Icecast ndi AzuraCast, mapulogalamu a pa seva (kompyuta imene imagawira omvera mawu a wayilesi), zimalola kukhala ndi malinki awiri pa wayilesi imodzi. Ikani 128 kbps ya amene ali pa WiFi, ndi 48 kbps ya amene ali pa bandulo, ndipo ya 48 ndi imene muzitumiza pa gulu koyambirira. Imathandizanso kumene netiweki ndi yofooka, chifukwa siidukaduka.

Facebook Live ndi TikTok n'zabwino poitanira anthu, koma kanema amadya ma MB mazanamazana pa ola, komanso makina awo akazindikira nyimbo ya eni ake amatha kuzimitsa mawu kapena kudula pulogalamu pakati. Kumeneko kukhale kolengezera, nyumba yeniyeni ikhale linki ya mawu okha.

Chinthu china chimene chimasokoneza macheza ndi kuchedwa kwa mawu. Zimene muulutsi wanena zimafika kwa womvera patapita masekondi 10 mpaka 30, nthawi zina kuposa, chifukwa seva ndi foni zimayamba zasunga mawu pang'ono kuti asamaduke. Ndiye mukafunsa funso, musayembekezere yankho pompopompo n'kumadandaula kuti anthu agona. Funsani, ikani nyimbo, mubwere ndi mayankho nyimbo ikatha. Woimba foni auzidwe kuti atseke wayilesi asanalowe, amvere pa foni pokha, apo ayi azidzimva yekha mochedwa n'kusokonekera. Ndipo ngati oimba foni akudandaula kuti akumva mawu awo akubwerera, vuto lili kwa inu. Mukuwatumizira zonse zotuluka mu mikisa, kuphatikizapo mawu awo omwe. Njira yake ndi mix-minus. Foni ikhale pa chanelo yakeyake. Chingwe chobwerera ku foni chichoke pa aux send, potulukira mawu pa mbali, osati pa main out, potulukira mawu onse. Pa chanelo ya maikolofoni ndi ya nyimbo mutsegule aux, pa chanelo ya foniyo aux ikhale pa ziro. Mamikisa ena monga Rodecaster amachita okha zimenezi. Amene alibe mikisa asavutike ndi mafoni amoyo, agwiritse ntchito mauthenga a mawu a pa WhatsApp, osapitirira masekondi 30, ndipo aziyamba awamvera asanawaulutse. Uthenga umodzi wotukwana kapena woneneza munthu ufiti umatha kubalalitsa gulu limene linamangidwa chaka chathunthu.

Maikolofoni ikhale ya dynamic ngati mukuulutsira kuchipinda, chifukwa ya condenser imatola galu, mwana ndi njinga yamoto ya panja. Pakamwa ndi maikolofoni patalikirane masentimita 10 mpaka 15, ndipo mita isafike pofiira, izisewera cha pa -12 mpaka -6 dB. Muzivala mahedifoni, sipika ikhale yozima.

Koma mtima wa zonsezi ndi moni. Kupatsana moni pa wayilesi ndi mwambo wakale kwathu, anthu ankalemba makalata ku MBC n'kudikira masabata kuti amve dzina lawo. Lero munthu amalemba pa gulu, ndipo amaona ndi maso ake kuti uthenga wake unafika usanafike wa uje, koma wa uje ndi umene wawerengedwa. Kukondera kumaonekera poyera. Muulutsi akamangotchula anzake asanu omwewo, kapena okhawo amene amatumiza kangachepe, enawo sadandaula, amangosiya kubwera mwakachetechete. Khalani ndi kope pambali. Lembani mayina motsatira mmene afikira, chongani amene mwatchula, ndipo amene atsala muyambe nawo pulogalamu yotsatira, muwauze kuti mutero. Munthu watsopano alandiridwe ndi dzina tsiku lake loyamba, afunsidwe kumene ali ndi kwawo. Akanena kuti kwawo ndi ku Ntcheu, pamakhala wina pa gulu amene afunse kuti "Ntcheu yake iti, kwa Ganya kapena kwa Njolomole?", ndipo ubwenzi wayambika pamenepo popanda muulutsi kuchitapo kanthu. Dzina la munthu litchulidwe bwino, ndi ulemu umene iye amafuna. Ena amakonda kutchulidwa ndi mfunda, a Phiri, a Nabanda, ena ndi dzina la mwana, ena ndi dzina la pa wayilesi basi chifukwa safuna kuti abwana awo kapena anthu ena adziwe kumene ali. Zimenezo zilemekezedwe, makamaka kwa abale amene mapepala awo kunjako sanalongosoke. Musatchule dera limene munthu akukhala ngati sanalole.

Moni aziperekedwa nyimbo isanayambe kapena pa zing'wenyeng'wenye za koyambirira. Woimba akangotsegula pakamwa, muulutsi atseke pake.

Ubwenzi ukakula pamabwera zinthu ziwiri zofunika malamulo, manambala a foni ndi ndalama. Pa gulu la WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo amayi ambiri amatuluka m'magulu a mawayilesi chifukwa cha abambo amene amawalondola kumbali ndi mauthenga osayenera. Lamulo lilembedwe pamwamba pa gulu: osalembera munthu kumbali asanalole, wodandauliridwa kawiri achotsedwa. Ma admin akhale atatu, mmodzi kapena awiri akhale amayi, ndipo lamulolo ligwirenso muulutsi mwini wake, chifukwa nthawi zambiri amene amapezerapo mwayi pa kutchuka ndi iyeyo. Zolengeza zokha zikhoza kuyenda pa WhatsApp Channel, kumene otsatira saonerana manambala.

Ndalama zimabwera ndi zovuta. Womvera wataya mayi ake, kapena m'bale wamwalira ku Joni ndipo thupi likufunika kupita kumudzi, gulu limasonkha chipepeso. Ndi chinthu chokongola kwambiri chimene mawayilesi amenewa amachita, ndiponso ndi chimene chimawapha chikayendetsedwa mwachisawawa. Muulutsi asasunge ndalama. Gulu lisankhe anthu awiri, wina wolandira pa Airtel Money kapena Mpamba, wina wolandira za kunja. Tsiku lotsekera lidziwike. Madzulo aliwonse aike mndandanda wa amene apereka ndi zimene zasonkhanitsidwa, wosafuna kutchulidwa alembedwe kuti wakufuna kwabwino koma ndalama yake ioneke. Ndalama zikatumizidwa, chithunzi cha umboni chiikidwe pa gulu, pamodzi ndi zimene zadulidwa potumiza. Ndalama yolipirira seva ikhale ndi thumba lake, isasakanikirane ndi ya maliro.

Pakati pa oulutsa okhaokha, mikangano yambiri imayamba ndi zinthu zimene zikanalembedwa pa tsamba limodzi tsiku loyamba. Dzina la wayilesi ndi la ndani? Seva ndi tsamba la Facebook zili m'dzina la ndani? Wina akachoka, amachoka ndi pulogalamu yake kapena imatsala? Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake yolowera, AzuraCast imalola zimenezi, kuti wina akachoka mungotseka yake osasokoneza onse. Wotsiriza pulogalamu atuluke pa seva mphindi imodzi nthawi yake isanathe, chifukwa linki imodzi imalandira muulutsi mmodzi, ndipo wotsatira BUTT yake, pulogalamu yotumizira mawu ku seva, imangokanidwa mpaka mnzake atachoka. AutoDJ, imene imasewera nyimbo yokha pa seva, ikhale yokonzeka kuti magetsi akathima kapena netiweki ikagwa nyimbo zizipitirira, ndipo ikhale ndi nyimbo za chamba cha ola limenelo. Anthu amene amamvera kwaya asadzidzimuke ndi dancehall chifukwa choti kwa muulutsi magetsi apita. Chinanso, muulutsi asanyoze chamba cha mnzake pa mphepo. Wa reggae akamati amapiano ndi phokoso, wa amapiano akamati banjo ndi za agogo, omvera amatengera, gulu limagawikana pawiri. Chimene chimagwira ntchito ndi kuchezerana: kamodzi pa mwezi wa nyimbo zakale abwere pa pulogalamu ya achinyamata ndi nyimbo zitatu, afotokoze kumene zinachokera, mwezi winawo wachinyamata abwezere.

Oimba nawo ndi mbali ya gulu limeneli, ngakhale sali pa WhatsApp. Failo iliyonse ikhale ndi dzina la woimba ndi la nyimbo m'kati mwake, pulogalamu ya Mp3tag imakonza zimenezi mwaulere, kuti pa foni ya womvera pasamaoneke "Track 07". Pakamwanso muzitchula woimba. Kuulutsa nyimbo za eni kumafuna chilolezo ngakhale pa intaneti: ku Malawi funsani ku COSOMA, ku South Africa kuli SAMRO ndi SAMPRA, ku Britain kuli PRS for Music ndi PPL. Nyimbo zakale zimene omvera amatumiza kuchokera pa makaseti zimabwera zina zotsika mawu, zina zokwera, ndipo womvera amatopa kukweza ndi kutsitsa. Yatsani ReplayGain mu Mixxx kuti zifanane. Amene akukopera kaseti ajambule ndi pulogalamu ya Audacity pa 44.1 kHz, asunge WAV ngati yoyambirira, MP3 ikhale yongoulutsira, ndipo alembe dzina la bandi, chaka ngati chalembedwa pa chikuto, ndi dzina la womvera amene wabwereketsa kasetiyo kuti azithokozedwa nthawi iliyonse nyimboyo ikaseweredwa.