Larry Doby anali wachiwiri, n'chifukwa chake tinamuiwala

Mukatchula anthu akuda pa baseball ya ku America, dzina lotuluka ndi Jackie Robinson basi, uja anatsegulira akuda khomo m'maligi akuluakulu polowa timu ya Brooklyn Dodgers pa 15 Epulo 1947. Sindikumuchotsera ulemu. Koma ine chimandiwawa ndi Larry Doby, amene patangotha masabata 11, pa 5 Julayi, anavala yunifomu ya Cleveland Indians n'kukhala wakuda woyamba mu American League, imodzi mwa maligi awiri akuluakulu a baseball.

Robinson anayamba wasewera chaka chathunthu mu ligi yaing'ono ku Montreal kuti azolowere. Doby sanakonzekeretsedwe. Bill Veeck, mwini timu ya Cleveland, anangomugula ku Newark Eagles, timu ya ligi ya akuda, mnyamata wa zaka 23 n'kukwera sitima mpaka ku Chicago. Atafika, manijala wa timuyo, Lou Boudreau, anamuyendetsa m'chipinda chovalira kuti adziwane ndi anzake, ena n'kukana kumugwira chanza. Tangoganizani dzanja lili m'malere, mnzako akuyang'ana kumbali. Pabwalo anaima yekha mpaka mnzake wa m'timu, Joe Gordon, atamuitana kuti aziponyerana mpira. Hotelo imene anzake anagona iye sanaloledwe.

Chaka chimenecho chinamukanika, mpira anaumenya bwino kasanu kokha pa mipata 32. Mu 1948 anamusamutsira kumapeto kwa bwalo, kowakha mipira youluka patali, malo amene sanawazolowere, ndipo kumeneko ndiye anaphuka. Cleveland inatenga World Series, chikho cholimbirana akatswiri a maligi awiriwo, pogonjetsa Boston Braves, ndipo home run ya Doby (kumenya mpira mpaka kudutsa mpanda wa bwalo) pa masewero achinayi ndi imene inasiyanitsa matimu. Chithunzi chake atakumbatirana ndi Steve Gromek, mzungu woponya mpira wa timu yake, onse mano poyera, chinafalikira m'manyuzipepala. Kuchokera apo Cleveland sinalawenso chikhocho mpaka lero.

Mu 1952 ndi 1954 palibe anamuposa ma home run mu ligi yake, 32 chaka chilichonse. Ndiye musanene kuti ankangoperekeza.

Chondiseketsa mowawa n'chakuti uwachiwiriwu unamukakamira. Mu 1978 anakhala manijala wa Chicago White Sox, koma wakuda wina, Frank Robinson, anali atamutsogolera kale pa umanijala mu 1975. Jackie analowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball, mu 1962. Doby, amene anatukwanidwa mofanana m'mabwalo ena kumene Jackie sankasewerako n'komwe, anadikira mpaka 1998, kutatsala zaka zisanu kuti amwalire.