Hard drive yanu sinafe, mwina ili ndi njala chabe

Anzanga ojambula maukwati, ndi inu okopera anthu nyimbo m'misika, tamverani izi.

Mwezi watha mtima unandidumpha. Zithunzi zonse za chinkhoswe cha eni ake zinali mu hard drive yanga yaing'ono yosungiramo mafailo, ija yopanda pulagi yakeyake. Kuilumikiza kutsogolo kwa kompyuta, kagetsi kakuyaka bwinobwino, koma mkati ikungoti "tiki, tiki, tiki", pa sikirini zii. Ndinayamba kale kuganiza chokawauza ankhoswe. Mnzanga anangoizula, n'kuilowetsa kumbuyo pa bowo la buluu lija, pompo inatseguka.

Vuto linali magetsi. Bowo la USB 2.0 limapereka 500 mA (muyezo wa magetsi) basi, pomwe la USB 3.0, lomwe nthawi zambiri limakhala la buluu, limafika 900 mA. Mkati mwa hard drive muli kamota kozunguza timbale, ndipo kamafuna mphamvu zambiri podzuka kusiyana ndi kakayamba kuyenda. Kakaperewera kamayesa, kulephera, kuyesanso. Kulira kuja n'kumeneko. Zoona, hard drive yakufadi imaliranso chomwecho, koma musanailire maliro, yambani mwasintha bowo ndi chingwe.

Zingwe ndiye zimandikwiyitsa. Munthu wagula hard drive ya 1TB (yosunga mafailo ambiri) ya ndalama zambirimbiri, chingwe chake chachifupi chija chasowa, n'kukatola chachitali chopyapyala cha pa benchi. Magetsi amathera m'njira. Chimodzimodzi ka hub (kochulukitsa mabowo a USB) kopanda adaputa komwe mwasomekapo mbewa, foni ndi fulashi: onsewo akudya mbale imodzi. Posomeka hard drive pa TV napo onani zomwe zalembedwa pambali pa bowo, ena amalemba 0.5A (500 mA), ena 1A (1000 mA).

Ngakhale zili choncho, ine ndimasankhabe yaing'onoyi, ya mainchesi 2.5. Zazikulu zija za 3.5 zimafuna adaputa ya 12V pakhoma, ndiye magetsi akangothima muli pakati pokopera, zimazima nthawi yomweyo ndipo mafailo akhoza kuwonongeka. Yaing'ono pa laputopu imapitirira ndi batire ngati palibe chachitika. Kwathu kuno zimenezi si zazing'ono.

Amene thumba likulola, SSD (mtundu wina wa chosungira mafailo) ilibe kamota, ndiye za "tiki tiki" kulibeko. Enafe a laputopu zakale za USB 2.0 yokhayokha, funani chingwe cha mitu iwiri chokoka magetsi m'mabowo awiri. Ndipo pogula, pitani ndi laputopu yanu, akayesere pa yanuyo, osati pa yawo.